Kumanganso ndi kukometsa kagalimoto ka rimoti koyenda m'fumbi: chitsanzo cha Tamiya TT-02B

Kagalimoto ka rimoti kamene kathamanga m'fumbi ndi m'miyala kwa miyezi yambiri kamaonetsa kutopa m'njira zodziwikiratu. Kamalira mokhwekhwereza, mawilo akutsogolo amagwedera ngakhale chiwongolero chili pakati, kakadumpha kamagwa mwaphokoso, ndipo batire limatha msanga kusiyana ndi kale. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kugula mota yamphamvu, poganiza kuti vuto ndi liwiro, koma mota yamphamvu ikaikidwa pa magiya otha ndi mabushi (timphete timene mashafiti amazunguliramo) odyeka imangofulumizitsa kuwonongeka kwa zonse. Malangizo awa akutsata dongosolo losiyana ndi limeneli: kuphwasula ndi kutsuka, kukonza chilichonse chimene chimazungulira kapena kupindika, kenako chiwongolero ndi magetsi, ndipo mphamvu ibwere kumapeto.

Chitsanzo chathu ndi TT-02B, buggy (kagalimoto kopangidwira kuthamanga m'dothi) ya kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan, imene inatuluka koyamba mu 2013 ndi bodi yotchedwa Neo Scorcher. Kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a galimoto yeniyeni, ndipo imakoka ndi mawilo onse anayi kudzera mu shafiti yaitali yodutsa pakati pa chesi, thupi lapansi limene zonse zimamangidwapo. Ngakhale kanu katakhala ka mtundu wina, ntchito zambiri zimene zafotokozedwa pano sizisintha, kupatula manambala a magiya ndi kukula kwa mabering'i.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Chida choyamba ndi sikuludiraiva yoyenera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ntchito isanayambe n'komwe. Masikuluwu a Tamiya ali ndi mutu wa mtanda wa muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, umene umafanana ndi wa Phillips pouona koma ndi wosiyana m'kati. Sikuludiraiva ya Phillips imaterereka pa mutu wotere ndipo imaudya mpaka sikuluwu kukanika kutuluka. Pezani ya JIS, yaikulu ndi yaing'ono. Mufunikanso kasipanala ka mtanda kamene kamabwera m'bokosi la kagalimotoka, komwe kali ndi mbali ya mamilimita 7 ya manati a mawilo ndi ya mamilimita 5.5 ya manati aang'ono, komanso kiyi wa ngodya zisanu ndi imodzi wa mamilimita 1.5 womasulira kasikuluwu kogwira giya ya pa mota. Onjezani pulayazi yosongoka kukamwa, mswachi wakale, nsanza zoyera, girizi wa magiya a pulasitiki, oyilo wa silikoni wa ma shock ndi guluu wouma msanga.

Buku la malangizo omangira kagalimotoka likhale pafupi, chifukwa limasonyeza sikuluwu iliyonse pa kukula kwake kwenikweni, moti mungathe kuigoneka pa chithunzi n'kudziwa ngati ndi yomweyo. Yalani thaulo loyera patebulo kuti tizidutswa tisagubuduke, ndipo konzani tizitini kapena thireyi ya mazira yosungiramo masikuluwu a gawo lililonse paokha.

Kuphwasula ndi kutsuka

Chotsani batire musanakhudze china chilichonse. Kenako jambulani kagalimotoka ndi foni kuchokera pamwamba, pansi ndi m'mbali zonse, makamaka pamene mawaya alowa mu risiva (kabokosi kolandira malamulo ochokera ku rimoti) ndi mabowo amene ma shock amangidwapo, popeza mabowowo ndi angapo ndipo patapita masiku awiri simudzakumbuka lomwe linali logwiritsidwa ntchito. Chotsani bodi, phiko lakumbuyo ndi mawilo, ndipo musamale ndi tizitsulo topingasa timene tili kuseri kwa zogwirira mawilo za mamilimita 12, chifukwa timagwa tokha gudumu likangochoka ndipo tikagwera pansi sitioneka.

Zamagetsi zonse zichoke zisanakhudze madzi: risiva, sevo (kamota kokhotetsa mawilo akutsogolo), mota, ndi kabokosi kolamulira liwiro kotchedwa ESC. Izi zimatsukidwa ndi burashi youma basi. Mukatero masulani ma shock anayi, mikono ya mawilo, mashafiti afupiafupi opititsa mphamvu ku mawilo, chivundikiro cha giya yaikulu, ndi zivundikiro za madifu awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, omwe ndi magiya ogawira mphamvu ku gudumu lakumanzere ndi lakumanja. Gwirani mbali imodzi kaye, ina ikhale yomangika, kuti ikhale chitsanzo chanu ngati mutasokonezeka.

Zapulasitiki zimatsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, pogwiritsa ntchito mswachi m'ngodya zonse. Petulo ndi thina musayandikize, chifukwa zimafooketsa pulasitiki ndipo ming'alu yake imadzaonekera tsiku lina kagalimoto kakadzagunda mwala. Zazitsulo zipukuteni ndi nsanza yonyowa ndi sipiriti ndipo ziume bwinobwino zisanabwerere pamalo pake.

Kuyendera chidutswa chilichonse

Gawo ili ndi losasangalatsa, koma ndi limene limakuuzani zoyenera kugula, choncho musalithamangire. Tengani mkono uliwonse wa gudumu, muupinde pang'ono pa kuwala, ndipo muyang'ane mizere yoyera pafupi ndi mabowo ake. Mzere woyera pa pulasitiki yakuda ndi chizindikiro chakuti yatambasuka kupitirira muyezo ndipo ili pafupi kuthyoka. Tizitsulo timene mikonoyi imazungulirapo tigubuduzeni pa galasi kapena pa tebulo losalala. Kachitsulo kowongoka kamagubuduka mwakachetechete, pamene kopindika kamadumphadumpha, ndipo koteroko ndi kotaya. Chitani chimodzimodzi ndi mashafiti a mawilo ndi timitengo tachitsulo ta m'kati mwa ma shock.

Kenako yang'anani mano a magiya. Giya yaing'ono ya pa mota, imene amaitcha piniyoni, imabwera ya aluminiyamu, ndipo ikamatha mano ake amasongoka ndi kupendekera mbali imodzi. Mukapeza girizi wotuwa wonyezimira m'kati mwa chivundikiro, dziwani kuti ndi fumbi la aluminiyamu losakanikirana ndi girizi, ndipo phala limeneli limapala mano a giya yaikulu ya pulasitiki usana ndi usiku. Zikatero sinthani magiya onse awiri nthawi imodzi, chifukwa giya yatsopano ikalumana ndi yakutha nayonso imatha msanga.

Lembani zonse zofunika pa pepala limodzi pamodzi ndi manambala ake a m'buku, kuti muitanitse kamodzi. Masipeya a timagalimoto totere kawirikawiri amachokera kunja, ndipo palibe chokhumudwitsa ngati kudikira katundu milungu ingapo n'kuzindikira kuti mwaiwala timphira tiwiri ta ma shock.

Mabering'i, madifu ndi shafiti yapakati

Ngati pali chinthu chimodzi chokha chimene mungakwanitse kugula, chikhale mabering'i. TT-02B wamba imabwera ndi mabushi m'malo mwa mabering'i, ndipo bushi ikalowedwa ndi mchenga imakula bowo, gudumu limayamba kugwedera, ndipo shafiti yachitsulo nayonso imadyeka. Mabering'i amachepetsa kukhuzana, choncho mota siitentha msanga ndipo batire limakhalitsa. Manambala a Tamiya amasonyeza kukula kwake: 1150 ndi bering'i ya mamilimita 5 m'kati, 11 kunja ndi 4 m'lifupi, pamene 1280 ndi ya 8 m'kati, 12 kunja ndi 3.5 m'lifupi. Werengani m'buku kuti ndi angati a mtundu uliwonse. Kwa kagalimoto koyenda m'dothi, sankhani okhala ndi zotsekera za labala, chifukwa a zotsekera zachitsulo amazungulira mopepuka koma fumbi losalala la m'chilimwe limalowamo mosavuta. Polowetsa bering'i kankhani mphete yake yakunja mofanana mbali zonse, osati pakati pake.

Tsegulani difu iliyonse, mutsuke timagiya tam'kati, ndipo muthire girizi watsopano. Difu ya mtundu wamba si yotsekeka moti n'kusunga oyilo, choncho imafuna girizi. Girizi wolimba, monga wa Tamiya wotchedwa AW, amaumitsa difu pang'ono, ndipo zimenezi zimathandiza pa dothi lotayirira, chifukwa gudumu limodzi likanyamuka mphamvu yonse siithawira kumeneko. Ine ndimakonda kuika wochulukirapo ku difu yakutsogolo ndi wocheperapo kumbuyo, kuti kagalimoto kazikoka bwino potuluka pa kona popanda kumbuyo kuterereka, koma izi aliyense amayesa malinga ndi bwalo limene amathamangitsirapo. Pomanga masikuluwu a difu, mangani mosinthanasinthana pang'onopang'ono kuti chivundikiro chikhale mofanana.

Pobwezera madifu m'chesi, onetsetsani kuti giya yozungulira ya mano 39 yayang'ana mbali imene buku lasonyeza. Musanatseke, zungulitsani shafiti yapakati ndi chala ndipo muone ngati kutsogolo ndi kumbuyo kukuzungulira mbali imodzi. Difu ikalowa chozondoka, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakokerana mbali zosiyana, ndipo kagalimoto kamangokumba pansi osasuntha.

Shafiti yapakati ya pulasitiki imagwira bwino ntchito ndi mota yobwera nayo, koma ikazungulira mothamanga kwambiri imapindika ndi kunjenjemera. Ngati mukulingalira zodzaika mota yamphamvu, ino ndiye nthawi yoika shafiti ya aluminiyamu pamodzi ndi zolumikizira zake, chesi chikadali chotsegula.

Pobwezera sikuluwu iliyonse m'pulasitiki, iyambeni poizungulitsa chobwerera m'mbuyo mpaka mutamva kuti yagwera m'mizere yake yakale, kenako muimange. Mukaikakamiza imadula mizere ina yatsopano, ndipo pakapita maulendo ochepa bowo limakhala losagwiranso. Lekani kumanga mutu ukangokhudza pulasitiki. Mankhwala omatira masikuluwu kuti asamasuke ndi a pamene chitsulo chalowa m'chitsulo pokha, popeza amaononga pulasitiki.

Ma shock

Ma shock a TT-02B ndi a oyilo, a mtundu umene Tamiya imautcha CVA, ndipo ndi abwino mokwanira ngati asamalidwa, moti sindiona chifukwa chothamangira kugula a aluminiyamu. Chotsani sipuling'i, tsegulani chivundikiro chapamwamba, ndipo mukhuthule oyilo wakale, amene nthawi zambiri amakhala atada. Pomasula cholumikizira chapansi, kulungani kamtengo kachitsulo ndi nsanza musanakagwire ndi pulayazi, chifukwa kachilonda kakang'ono pa kamtengoka kamang'amba timphira tozungulira tam'kati ndipo shock imadontha mpaka kalekale. Sinthani timphirato, ndipo mutinyowetse ndi dontho la oyilo wa silikoni musanalowetse kamtengo.

Thirani oyilo mpaka pafupi ndi pakamwa, kenako kwezani ndi kutsitsa pisitoni pang'onopang'ono osaitulutsa pamwamba pa oyilo. Muona timathovu tikukwera. Imikani shock chilili kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti mpweya wonse utuluke, ikani kachipewa ka labala pamwamba kuti kakankhire kunja oyilo wotsala, ndipo mutseke. Shock yomangidwa bwino imayenda mosalala kuchokera pansi mpaka pamwamba popanda phokoso la thovu.

Oyilo wa Tamiya ali ndi manambala kuyambira 200 mpaka 1000, ndipo nambala ikamakwera oyilo amakhala wolimba. Pa bwalo la mabampu ang'onoang'ono ambiri, oyilo wa 300 kapena 400 amalola mawilo kutsata nthaka. Ngati mumadumphitsa kwambiri ndipo chesi chimamenya pansi potera, kwerani kufika pa 500 kapena 600, kapena ikani pisitoni ya mabowo ochepa. Kumbukirani kuti nyengo yotentha oyilo amamveka wofewa kusiyana ndi m'mawa wa mwezi wa June. Mukamaliza, gonekani ma shock awiri akutsogolo moyandikana ndipo muone ngati ali ofanana kutalika, kenako awiri akumbuyo chimodzimodzi. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri kumachititsa kagalimoto kukokera mbali imodzi, ndipo mungataye nthawi yambiri mukufufuza vutolo ku chiwongolero.

Tizidutswa ta pulasitiki tolowetsa pamwamba pa sipuling'i timakweza kapena kutsitsa kagalimoto, koma sitilimbitsa sipuling'iyo. Ikani batire, gwetsani kagalimoto kuchokera pamwamba pang'ono, ndipo kakakhazikika mashafiti a mawilo akhale opingasa kapena otsikira pang'ono ku mawilo.

Chiwongolero

Kugwedera kwa chiwongolero ndi dandaulo lodziwika pa banja lonse la timagalimoto ta TT-02, kuphatikizapo TT-02B. Gwirani mawilo akutsogolo ndi manja, muwagwedeze, ndipo mutsate ndi maso pamene kugwederako kukuchokera. Kawirikawiri ndi pa timikono tiwiri ta pulasitiki tozungulira pa masikuluwu, pa zolumikizira zokhala ngati timipira, kapena pa chotetezera sevo chimene sipuling'i yake yafooka. Zolumikizira zotayirira zisinthidwe. Chotetezera sevo cholimba, chokhala ndi masipuling'i achitsulo, chimabweretsa kusintha koonekeratu pa mtengo wochepa, ndipo timikono ta aluminiyamu tokhala ndi mabering'i timachotsa kugwedera kotsalako.

Sevo ya magiya achitsulo imapirira kugunda miyala kuposa ya magiya a pulasitiki. Musanamange mkono wake, lumikizani sevo ku risiva, yatsani rimoti kenako kagalimoto, bwezerani mabatani onse osinthira chiwongolero pakati, ndipo sevo ikaima yokha pakati ndi pamene mumange mkonowo. Chepetsani pa rimoti malire a kukhota kuti sevo isamakankhe mawilo atafika kale pamapeto, chifukwa kulira kwa sevo pa nthawi yotero ndi chizindikiro chakuti ikupsa pang'onopang'ono.

Matayala ndi bodi

Tayala lomatuka pa rimu limadya mphamvu ya mota, chifukwa rimu imazungulira m'kati tayala litaima. Pukutani m'mphepete mwa zonse ziwiri ndi sipiriti, kokani tayala pang'ono, donthezani guluu wouma msanga kuzungulira, ndipo mumange ndi mphira mpaka litauma. Matayala a timinga amagwira bwino pa dothi ndi pa udzu waufupi, koma pa phula amatha m'masiku ochepa. Bodi ya buggy imeneyi ndi ya pulasitiki yoonekera imene imapakidwa penti kuchokera m'kati, ndipo imafuna penti wake wapadera, amene Tamiya imamulemba PS. Penti wamba amasweka ndi kugwa bodi ikangopindika.

Batire, ESC ndi mota

Musanaike mota, kankhani kagalimoto pa simenti. Kayenera kuyenda kokha mtunda ndithu mwakachetechete. Ngati kakuima msanga kapena pali pamene pakugwira, bwererani mukapeze chifukwa chake, popeza mota iliyonse imene mungaike idzalimbana ndi vuto lomwelo.

Batire la NiMH la maselo asanu ndi limodzi limapereka mavoti 7.2. La LiPo la maselo awiri limapereka mavoti 7.4, limafika 8.4 likadzaza, ndi lopepuka, ndipo silifooka msanga pothamanga, moti kusintha batire kokha kumapangitsa mota yakale kuoneka ngati yatsopano. Koma LiPo ili ndi malamulo ake osayenera kuphwanyidwa. Selo iliyonse isapitirire mavoti 4.2 potchaja ndipo isatsike kupitirira mavoti 3.0 pogwira ntchito. Imatchajidwa ndi tchaja ya LiPo yokha yolinganiza maselo, munthu ali pomwepo, pa simenti kapena m'thumba losagwira moto, ndipo ngati ikhala masiku angapo osagwira ntchito isungidwe pa mavoti pafupifupi 3.8 pa selo. Batire lotupa kapena loboka ndi losayeneranso kutchajidwa. Sankhani lachikuto cholimba, ndipo muyeze malo ake m'chesi musanagule. Onetsetsaninso kuti ESC yanu imadula mphamvu pa mlingo woyenera LiPo, chifukwa ESC zina zobwera m'mabokosi a Tamiya, monga TBLE-02S, zimadula pa mlingo wotsika kwambiri kwa batire lotere. Ngati yanu ndi yoteroyo, ikani kachipangizo kolira mphamvu ikatsika, kapena sinthani ESC.

Pulagi yoyera ya Tamiya yolumikiza batire ku ESC imatentha ndi kusungunuka mphamvu ikachuluka. Idulidwe ndipo m'malo mwake muwotcherere ya XT60 kapena ya Deans. Pa batire dulani waya umodzi, muuwotcherere ndi kuukuta, kenako mudule wina. Mawaya awiriwo akadulidwa pamodzi, mpeni wodulira umawalumikiza ndipo moto umabuka pomwepo.

Tsopano mota. Kwa amene akufuna kukhalabe ndi mota ya maburashi (timakala topatsira magetsi m'kati mwake), Sport Tuned ya Tamiya ndi sitepe yabwino pamwamba pa yobwera nayo. Kwa amene akufuna yopanda maburashi, imene siifuna chisamaliro chambiri ndipo imathamanga kwambiri, ndimalangiza ya pakati pa 3000 ndi 3500 kV (maulendo amene mota imazungulira pa mphindi pa voti iliyonse) pa batire la maselo awiri, kapena ya 13.5T (nambala ya mizunguliro ya waya m'kati mwa mota) yokhala ndi sensa. Kupitirira apo ndi kuitana mavuto, chifukwa TT-02B wamba ilibe kalachi yoterereka yotetezera magiya, moti kagalimoto kakatera kuchokera m'mwamba chala chili pa batani la liwiro, mphamvu yonse imagwera pa mano a pulasitiki a madifu.

Piniyoni ikhale yachitsulo cholimba, ya muyezo wa mano wa 0.6, wofanana ndi wa giya yaikulu. Muyezo wina wotchedwa 48 pitch umaoneka wofanana koma sulumana bwino ndi 0.6, ndipo umadya giya yaikulu msanga. Kagalimotoka kamabwera ndi piniyoni ya mano 17 ndi giya yaikulu ya mano 70, ndipo mukagawa 70 ndi 17 n'kuchulukitsa ndi 2.6 ya magiya a m'madifu, mota imazungulira maulendo 10.71 kuti gudumu lizungulire kamodzi. Piniyoni ya mano 19 imatsitsa nambalayi kufika pa 9.58, zimene zimaonjezera liwiro komanso kutentha. Chogwirira mota cha TT-02 chili ndi mabowo osiyanasiyana malinga ndi mano a piniyoni, choncho tsatani buku posankha mabowo. Mukamanga, gwirani piniyoni ndi chala ndipo mugwedeze giya yaikulu: payenera kukhala kampata kakang'ono kongomveka. Kasikuluwu ka piniyoni kakhale pa mbali yophwatalala ya shafiti ya mota, ndi kadontho ka mankhwala omatira.

Kuyesa koyamba

Ikani kagalimoto pa kabokosi kuti mawilo akhale m'mwamba. Yatsani rimoti poyamba, kagalimoto pambuyo, ndipo pozimitsa muyambe ndi kagalimoto. Phunzitsani ESC malire a rimoti yanu potsata buku lake, kuti idziwe pakati, liwiro lonse ndi buleki. Ngati rimoti ndi ya 2.4GHz, izimitseni mwadala mawilo akuzungulira pang'onopang'ono, ndipo muone ngati aima okha. Ngati saima, konzani zimenezi pa risiva musanatsitse kagalimoto pansi.

Thamangitsani kwa mphindi zisanu pa bwalo lotseguka, kutali ndi msewu, ana aang'ono ndi ziweto, kenako imani ndi kuyesa kutentha kwa mota. Ngati muli ndi choyezera, isapitirire madigiri 70 kapena 75. Ngati mulibe, ikani chala pa mota, ndipo mukalephera kupirira kwa masekondi atatu, tsitsani piniyoni ndi dzino limodzi kapena awiri. Udzu wautali ndi mchenga wakuya zimatenthetsa mota kuposa dothi louma, choncho piniyoni imene ili bwino pa bwalo la mpira lopanda udzu ingakhale yaikulu kwambiri kudambo. Batire loyamba likatha, yenderaninso manati a mawilo, masikuluwu a mota ndi kasikuluwu ka piniyoni, ndipo mupukute timitengo ta ma shock kuti muone ngati pali yomwe ikudontha. Posintha oyilo, sipuling'i kapena piniyoni pambuyo pake, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, muthamangitse pa bwalo lomwelo, ndipo mulembe m'kabuku nambala imene mwaika ndi mmene kagalimoto kayendera.